Kompyuta ya Bambo Yadzaza

Makanika anali atagwira kale waya kuti auzule pakhoma pamene bambo ake anamugwira mkono.

"Imeneyo isiye."

Maliro a mlongo wake anali atangotha, ndipo Makanika ankafuna kutaya chikompyuta chakalecho, cholira ngati lole yokwera chitunda, awagulire mkuluyo foni yabwino, iye abwerere kugalaja kwake. Kunena zoona, ankathawa. Iye ndi bambo ake anali mphaka ndi khoswe, ndipo wodziwa kuwanyengerera anali malemu yekha. Tsopano mkuluyo akanatsala ndi ndani?

Bambo anaumirira kuti malemu mwana wawoyo anali ndi mphatso. Kompyutayo ikangoyamba kuuma, foni inkalira, iye ali kutali kuntchito, n'kuwauza kuti atseke zina zomwe atsegula. Sanaphonyepo. Makanika anangoti chisoni chimayankhulitsa zambiri.

Masana kunabwera mayi amene ankagwira ntchito ndi malemu, kudzapepesa. Atamva za mphatsoyo anamwetulira, natsegula laputopu yake. Pasikirini panali timabokosi tobiriwira tosawerengeka, kalikonse kakuimira makina ena pa netiweki. Anafotokoza kuti kale makina a mtundu uliwonse ankawerenga memore yake, malo osungamo zimene zatsegulidwa, mwanjira yakeyake: ena ankakuwa kuti adzaza malo akadalipo, ena ankangoti zii mpaka kuzima. Malemu anathera zaka akukonza pulogalamu yoti onse azipereka chiwerengero mofanana, ndipo anthu a m'mayiko amene iye sanapondeko ankaidalira.

Makanika ankaidziwa bwino geji ya mafuta yonama ndi zimene imachita kwa munthu pakati pa ulendo. Anayang'ananso timabokosito. Mlongo wake yemwe uja, amene iye ankamuseka kuti amalipidwa chifukwa choyang'anitsitsa galasi!

Mayiyo analoza kabokosi ka pakona. Kanalembedwa kuti "Bambo".

"Ankayesera pa kompyuta ya bambo anuyi," anatero. "Ankati ndi yamakani kuposa zonse. Ikanena zoona iyi, zonse zinena zoona."

Mkuluyo sanamve n'komwe. Anali atabwerera kuchipinda, akutsegula zithunzi za mwana wake, china pamwamba pa chinzake, osatseka n'chimodzi chomwe. Makinawo anayamba kubuula. Makanika akuona, kabokosi kaja kanasanduka kachikasu, kenako kofiira.

Mayiyo anatsitsa mawu. Anati uthenga umayamba wapita ku foni ya malemu, ukapanda kuyankhidwa umapita kwa munthu wachiwiri, koma wachiwiriyo sankamudziwa. Anadikira onse awiri, osayang'anana.

Foni inanjenjemera m'thumba la Makanika.

"Kompyuta ya bambo yadzaza. Ngati uthengawu wafika kwa iwe, ndiye kuti ine sindinathe kuyankha. Usawakalipire. Yamba wawafunsa ngati adya."

Anauwerenga. Mantha ndi ulemu zinamugwira pamodzi, poona kuti mlongo wake anamuwerengera ngakhale iye, wamakani mnzake wa kompyutayo. Chipinda cha bambo chinali pomwepo, chitseko chili chotsegula, koma iye anatulukira pakhonde n'kuimba.

M'nyumbamo foni inalira. Anamva mpando ukukhwekhwerezeka mofulumira, kenako mpweya wa mkuluyo m'khutu mwake.

"Bambo," anatero Makanika, "mwadya?"