Chimene Chinachiritsa Gethin

Kodi mungalote chimene chinachiritsa mchimwene wanga Gethin? Si mankhwala, chifukwa wawamwa mpaka kutopa ndipo angomunenepetsa. Si dokotala wa maganizo, amene tinamudikira pamzere mpaka tinaiwala kuti tikudikira. Si mapemphero a azimayi a kutchalitchi kwa amayi. Komabe boma likuti Gethin anachira m'mawa wina Lachiwiri, ndipo boma, monga mukudziwa, silinama.

Gethin anali dalaivala wa basi ya m'chigwa chathu chino, yotsika kuchokera kumtunda kumene kunali migodi ya malasha mpaka kutauni. Tsiku lina kukugwa mvula, mayi wina wachikulire anaterereka pa siteji n'kugwera kutsogolo kwa basi. Apolisi anati Gethin alibe mlandu. Kampani inateronso. Mutu wake wokha ndi umene unakana. Kuyambira pamenepo akangoona msewu mtima umagunda ngati utuluka, mpweya umathawa, miyendo imafa. Ntchito inatha, nyumba ya lendi inapita, ndipo bambo wa zaka makumi anayi anabwerera m'chipinda chake cha paubwana kwa amayi, makatani otseka, chitseko cha kumaso osachiyandikira.

Chimene chinkamusunga chinali chithandizo chimene boma limapereka kwa odwala. Koma boma limatopa msanga ndi wodwala amene sakutuluka magazi. Linati litumiza munthu wodzamuyeza kunyumba. Akapezeka kuti sangagwire ntchito, chithandizo chipitirira ndipo amusiya achire mwamtendere. Akapezeka kuti angathe, azikaonekera ku ofesi ya ofuna ntchito kutauni sabata iliyonse, ndipo akaphonya amudulira zonse. Ku ofesiyo anthu amapita pa basi yomwe ija.

Ine ndinadziwa msanga kuti mdani wathu wamkulu sakhala boma ayi. Akhala amayi.

Amayi athu, Mayi Eluned Pugh, amaopa manyazi kuposa imfa. Bambo atamwalira, amayi anayamba atsuka mawindo asanaitane adzukulu a maliro. Tsono atamva kuti kukubwera munthu wa boma, ndinawapeza atagwada akupukuta masitepe.

"Amayi, siyani zimenezo. Ameneyu si mlendo. Akubwera kudzafuna chifukwa chomanira mwana wanu."

"Aliyense wolowa pakhomo panga ndi mlendo," anatero osatukula mutu. "Ukufuna akanene ku likulu ku Cardiff kuti kwa a Pugh kumanunkha sokosi?"

"Akanene. Ndi zimene tikufuna."

"Iwe Nerys, unaleredwa ndi ine kapena ndi nkhosa za paphiripo?"

Za nyumba ndinawasiyira, popeza woyezedwa sanali masitepe. Koma za Gethin ndinalimba nazo. Taye imene amayi anaisita ndinaibisa m'galimoto mwanga. Lezala ndinaliika m'chikwama. Ndinati avale juzi yake ya masiku onse, ya mafuta pachifuwa, kuti mayi wa bomayo aone munthu amene ife timamuona. Kenako ndinakhala naye pabedi kuti tiyeserere.

"Akakufunsa kuti uli bwanji, uyankha chiyani?"

"Ndili bwino, kaya inu."

"Ayi."

"Sindingadandaule."

"Gethin, munthuyu akubwera kudzamva madandaulo. Ndi ntchito yake. Amalipidwa."

"Ndiye ndiziti chiyani, achemwali? Takulandirani, ndaonongeka?"

Anaseka pang'ono, kenako anaphimba nkhope ndi manja. Kwathu kuno mwamuna akhoza kuduka mwendo mumgodi, akamanyamulidwa n'kumauza anzake kuti pali ena ovutika kuposa iye. Timakutcha kulimba mtima. Anthu a maofesi amakukonda kwambiri kulimba mtima kumeneku, chifukwa sikuwadyera kanthu.

Lachiwiri lija anafika Mayi Ashcroft, wamtali, wa chikwama cha matayala ndi kompyuta ya pamiyendo. Anatiuza mwansangala kuti kale ankagwira ntchito yowongola mabondo ndi misana. Ndiye munthu amene boma linaona kuti ndi woyenera kuyeza zimene zili m'mutu mwa mchimwene wanga.

Amayi anali ataphika timakeke ta pachiwaya ndi kutulutsa makapu a maluwa, amene ife ana awo sitinamwerepo. Atanena kuti, "Gethin, kathandize kunyamula tiyi," ndinadumpha ngati ndakhala pa singano. Ndinali nditamva za munthu wina wa m'tauni ya Tredegar amene anamupeza wamphamvu chifukwa anathira mlendo tiyi. Thireyi ndinanyamula ndekha.

"Bambo Pugh, mungathe kukweza manja pamwamba pa mutu?" anafunsa Mayi Ashcroft, maso ali pa kompyuta.

Gethin anakweza.

"Mungathe kutola ndalama yachitsulo pansi?"

"Ikanakhalapo," ndinatero ine.

Sanaseke. Anafunsa ngati amaonera wailesi ya kanema, ngati ali ndi galu, ngati amatha kuvala yekha nsapato. Zala zake zinkathamanga ngati nkhuku zikutola mapira.

"Mwana wangayu si wamisala, mayi," analowerera amayi, akukankhira mbale ya makeke kwa mlendo. "Wangotopa. Banja lathu ndi la anthu ogwira ntchito. Bambo ake sanaphonyepo tsiku."

"Amayi, chonde."

"Ndikungonena, asamatiyese ngati a kwa Bevan kutsidya kwa msewuko, amene akudya za boma kuyambira agogo awo."

Mawu amenewa anawanena ali m'kati mopempha za boma zomwezo. Kwathu wolandira chithandizo woipa amakhala wa nyumba ina nthawi zonse.

Pamapeto pake Mayi Ashcroft anafika pa funso lenileni. "Nanga kutuluka panja kumakuvutani motani?"

Gethin anayang'ana amayi, kenako kapeti, ndipo anachita chinthu chimene mwamuna wa kwa Pugh sanachitepo. Ananena zoona. Anati zinyalala satha kukataya, chifukwa bini ili pafupi ndi msewu. Anati basi ikamadutsa amathawira m'bafa n'kutsegula madzi kuti asaimve. Anati maliro a mnzake wa paubwana anadutsa pakhomo pompano iye atagona pansi kuseri kwa sofa. Mawu ankatuluka movutika, limodzilimodzi, thukuta likutsika m'khosi. Amayi anakhala chowongoka, nkhope itafiira, ngati wina wawavula pamaso pa mpingo.

"Zikomo, zimenezi zathandiza kwambiri," anatero Mayi Ashcroft, ndi mawu amene munthu amathokozera wogulitsa nsomba. Anatseka kompyuta n'kuyamikira makeke.

Ine ndinaona kuti nkhondo yatha ndipo tapambana. Ndinatsanzika n'kutulukira khomo la kuseri kukasuta fodya. Nditabwerera ndinapeza mlendo atapita. Gethin anali pansi m'kakhonde ka m'nyumba, atatsamira khoma, akupuma ngati wothamangitsidwa, amayi akumukupiza ndi nyuzipepala. Ndinati ndi mtengo wa kunena zoona kuja. Tinamukweza kuchipinda, ndipo sabata yonseyo sanatsike.

Yankho linabwera pa foni mwezi utatha. Tinali kukhitchini tonse atatu, ndipo ndinakweza mawu a foni kuti aliyense amve. Anali bambo wa mawu osalala, amene anayamba wafunsa ngati tsiku lathu likuyenda bwino.

"Ndili ndi uthenga wolimbikitsa," anatero. "Taona kuti Bambo Pugh ali ndi kuthekera kogwira ntchito. Ayamba kuonekera ku ofesi yathu Lolemba likubwerali."

Gethin anaika supuni pansi pang'onopang'ono.

"Kuthekera kwake kuti?" ndinafunsa. "Munthuyu satha kufika pa bini."

"Ndikumvetsa mmene mukumvera, mayi."

"Simukumvetsa. Munawerenga zimene dokotala wake analemba?"

"Timalemekeza kwambiri madokotala. Koma timadaliranso zimene woyeza wathu anaona ndi maso."

"Anaona chiyani? Ndevu? Juzi yakuda ija? Kapena masitepe owala?"

"Za maonekedwe analemba kuti anali wosasamalika, ndipo tinaziganizira."

"Tiyi sanathire. Ndinathira ndine."

"Za tiyi palibe, mayi. Chimene chilipo n'chakuti Bambo Pugh amatha kutuluka panja okha, kuyenda mpaka kumsewu atanyamula katundu, ndi kucheza bwino ndi anthu."

Ndinaseka. Ndinamuuza kuti asokoneza ndi Pugh wina, popeza m'chigwa muno a Pugh achuluka ngati nkhosa. Iye anati tili ndi ufulu wopempha kuti chigamulo chiunikidwenso, kuti zimatenga miyezi ingapo, ndiponso kuti padakali pano Lolemba ndi Lolemba. Anatifunira madzulo abwino n'kudula.

Ndinatembenukira kwa Gethin kuti tisekere limodzi bodza la boma. Iye sankaseka. Ankayang'ana amayi. Amayi anali atayamba kupukuta tebulo limene linali loyera kale.

"Amayi?"

"Usandiyang'ane choncho. Iwe unali kuseri ndi utsi wakowo."

"Chinachitika n'chiyani?"

"Chikwama cha mlendo chinali cholemera, ndipo masitepe a kumaso ndi oterera. M'nyumba muli mwamuna. Umafuna mayi wa eni atuluke yekha ngati galu wothamangitsidwa, a Bevan akuonerera pawindo?"

"Gethin, unavomera?"

"Anandiyang'ana, achemwali," anatero motsitsa. "Mukuwadziwa mmene amayang'anira. Ndinangoti ndifike, ndisagwe pamaso pa mlendo. Ndinagwa nditatseka chitseko."

"Ndipo anachita bwino," anatero amayi, chibwano chili m'mwamba. "Anaikanso chikwama m'galimoto. Anapatsa moni ngakhale Idwal Bevan. Palibe amene anganene kuti ndinalera mwana wopanda mwambo."

Ndipo palibedi amene ananena. Boma lenilenilo linavomereza kuti mwanayo analeredwa bwino. Lolemba linafika, basi inadutsa, Gethin ali m'bafa madzi akukhuthuka, ndipo ofesi ya ofuna ntchito inamulemba kuti sanabwere popanda chifukwa chomveka. Chithandizo anachidula. Pempho lathu lili pamzere, kumbuyo kwa mapempho a anthu ena onse amene anachira mwadzidzidzi chaka chino.

Chimene chinachiritsa Gethin ndi ichi: anaperekeza mlendo mpaka pa geti.