Maliro a Mlonda wa pa Chipata

Penjani anayang'ana dayisi ija ngati yamutukwana. Inagwa pa wani.

"Mkondo waphonya chilombo, walasa mlonda wa pa chipata. Wafa. Tiyeni, lowani m'phanga," anatero mothamanga.

Anali pakhonde la nyumba yake ku Katoto, mvula ikuwaza. Zaka ziwiri tsopano, Loweruka lililonse, Penjani ankatsogolera sewero la nthano lomwe analemba yekha m'kope: iye amafotokoza dziko, anzake atatu n'kumanena zochita ngwazi zawo, dayisi n'kumaweruza. Lero linali lomaliza, poti Wiza, mmodzi wa anzakewo, anali atasamutsidwira ku Nsanje. Masamba khumi a nkhondo yotsiriza ankadikira kuseri kwa chipatacho.

"Sitingalowe," anatero Cosmas, mnyamata wa ku Zomba. "Pagwa zovuta apa."

"Zovuta zanji? Mlondayo ndi mzere umodzi basi! Alibe n'dzina lomwe!"

"Ndiye timusiye agalu amudye? Maliro n'kulirana, asisi."

Bridget anathyola timasamba ta mpanda n'kutiyala pa mapu, pamsewu wopita kuphanga. Penjani mtima unamuwawa. Anagona mochedwa masabata atatu chifukwa cha chilombo chija, ndipo anthu osayamikawa ankakangana za amene akakumbe manda. Atatuwo anatuma mthenga kwa akuchimuna. Anafunsa ngati malemu anali wa mpingo. Cosmas mpaka anayambitsa nyimbo, mawu ake ngati chitseko chadzimbiri.

"Kwatsala theka la ola," Penjani anatero mano ali gwa.

Wiza anaimirira, navula kapusi.

"Ndiyankhuleko m'malo mwa anamfedwa. Munthu uyu ntchito yake inali kutsegulira ena zipata. Ife timangodutsa, iye n'kutsala panja. Sitinafunsepo ngati watopa." Anakhosomola, maso ali pa Penjani, namuthokoza m'chiyankhulo chakwawo kuti komwe akupitako kulibe chipata chotere. "Yewo chomene, adumbu. Ku Nsanje kulije chipata chanthena ichi."

Penjani anafuna kukalipa. Ukali unalipobe, kungoti unasowa pogwira.

Atabalalika, anatsala yekha ndi kope lake. Anali ndi njira yosewerera payekha, dayisi ikumuyankha mafunso, ndipo akanatha kumaliza nkhondoyo tiyi asanazizire. Anasuntha kabatani koimira ngwazi ya Wiza mpaka pa timasamba tija, dzanja n'kuima.

Anatenga cholembera, natsegula pa mzere umodzi uja, n'kuyamba kumufunira dzina mlondayo.