Mayi Wobwera pa Gawo 40

Mrs Harvey anali atayamba kale kumutamanda mwanayo pamene Esnath ankakoka mpando, yunifomu ya kuchipatala ili m'kati mwa jasi. Linali tsiku loti makolo akumane ndi aphunzitsi, ndipo Esnath anachita kupempha nesi mnzake kuti amugwirire wodi. Mphunzitsi wa Chingereziyo anati Mwayiwathu ndi mwana wa phee m'kalasi, koma cholembera chake chimaluma. Ana anauzidwa kuti aliyense aunike filimu imene amaikonda, ndipo Mwayi analemba za makatuni a ku Japani, omenyana ndi malupanga aja. Mrs Harvey anamupatsa Esnath mapepala atatu nati akawerenge kunyumba, anyadira.

Esnath anathokoza, koma mumtima anangoti zidole zija basi. Ankadana nazo. Chitsikireni ndege chaka chathacho, mu 2006, mtsikanayo ankangokhalira pa TV kuonera anthu a tsitsi losongoka akukuwa m'Chijapani, iye maso ali pa timawu ta Chingerezi todutsa m'munsi. Loweruka lililonse ankakwera tramu, kasitima ka m'tauni, kuchoka ku Wolverhampton kupita ku Birmingham kukasaka ma DVD ena.

Pamene Esnath ankachoka ku Zomba, Mwayi anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anamusiya m'manja mwa mng'ono wake Callista, nalonjeza kuti ndi zaka ziwiri zokha. Zaka ziwirizo zinaswana mpaka kukwana zisanu ndi chimodzi. Tsono mwana amene anamulandira pa bwalo la ndege anali namwali wamtali, waulemu wouma gwa. Kwa mayi ake ankayankha "Yes, Mum" ndi "No, Mum", koma akagwira foni ya ku Zomba Chichewa chinkachita kusefukira, kuseka mpaka kutsokomola, akumuitana Callista kuti "amayi". Kawiri konse anapempha kuti abwerere akamalizire sukulu kwawo. Esnath anakana kwamtuwagalu. Anthu akupsa ndi dzuwa pa mzere wa viza ku Lilongwe, wina n'kumafuna kubwerera?

Mapepalawo anawatsegula ali m'basi, pongofuna kuona chimene mzunguyo anakomedwa nacho. Nkhani ya makatuniwo inali ya mtsikana amene mayi ake anawoloka nyanja kukamenya nkhondo, namusiya ndi mayi wina wosula malupanga. Wosulayo ndiye anamulera, kumuphunzitsa kumenya, kumumanga mabala. Mwayi anayamikira magawo makumi atatu ndi asanu ndi anayi oyambirira. Anati ndewu zake si zongogwetsa nyumba ayi, iliyonse ili ndi chifukwa. Esnath anamwetulira, poti Chingerezi chake chinalidi chakupsa.

Kenako anafika pa tsamba lachitatu, pamene mayi weniweni uja akubwerera pa gawo 40.

"Olemba m'magazini amati gawo limeneli ndi logwira mtima kuposa onse," analemba motero Mwayi. "Ine ndikuti anthu amenewo sanasiyidwepo. Nyimbo ikulira, mvula ikugwa, akufuna kuti nafenso tilire, koma munthu sungalirire nkhope imene wangoiona lero. Mayiyu si woipa. Ndi mlendo chabe amene wapatsidwa malo a munthu wina, ndipo kuyambira apa mtsikanayo akungochita zoti mlendoyo asakhumudwe."

Pansi pake Mrs Harvey anachonga ndi inki yofiira.

Esnath anapitirira siteji yake ndi masiteji awiri. Anabwerera wapansi m'kamvula kowaza, manyazi akumuwotcha kumaso ngati kuti basi yonse inawerenga naye. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti mwanayo sanalembe mwaukali. Akanamutukwana bwenzi zili bwino, akanadziwa poyambira.

Anamupeza pa balaza, chakudya ataphika kale n'kuvundikira bwinobwino monga mwa masiku onse. Esnath anakhala pa sofa osavula jasi, napempha kuti amuikire gawo 40. Mwayi anayang'ana mapepala onyowa amene anali m'manja mwa mayi ake. Anaika DVD ija.

Anaonera onse awiri mphindi makumi awiri, aliyense ku mapeto ake a sofa. Mayi wa m'katuniyo anatsika m'ngalawa, mikono ili zipsera zokhazokha, nagwada pamaso pa mwana wake. Mwanayo anangoima njo, lupanga lili kumsana. Wosula uja anali chapatali, akupukuta manja pa chovala chake.

"Kutsidya kwa nyanjako anakakumana ndi zotani mayiyu?" anafunsa Esnath.

"They don't show it, Mum."

"Undiyankhe m'Chichewa, Mwayi."

"Saonetsa. Amangonena kuti anavutika. Ife timakhala tikuonera za mwanayo."

Esnath anali nazo zambiri zoti anene. Ma shifiti a maola khumi ndi awiri, nkhalamba zimene zinkakana kuti munthu wakuda azikhudze, kachipinda ka nkhungu ku Sparkhill kumene ankagona atavala masokosi awiriawiri, chithunzi cha mwana chili pansi pa pilo. Anaona kuti akazinena, mwanayo amvetsera mwaulemu, kenako athokoza.

M'malo mwake anafunsa mmene nkhaniyo imathera. Mwayi anati mtsikanayo amapita kukakhala ndi mayi ake, chifukwa olemba anafuna choncho.

"Ukanakhala iwe ukanaimaliza bwanji?"

Mwayi anayang'ana mapepala onyowa aja. Misozi inalengeza, koma sinagwe.

"Mwawerenga kale, Mum."

Masiku atatu anadutsa osaikambanso nkhaniyo. Esnath ankapita ku ntchito, kubwera, kudya chakudya chovundikira chija, mtima uli zii. Lamlungu kutchalitchi anayimba nawo pakamwa pokha. Atabwerako anadutsira pa shopu ya pakona kugula kadi ya foni, naikanda ndi kiyi ataima m'khonde, chitseko cha pa balaza atachitseka.

Callista anayankha mwansangala, nkhuku zikumveka kumbuyo kwake. Anayamba kufunsa za kuzizira, koma Esnath anamudula. Anamuuza kuti akafunse malo a Fomu 3 kusukulu, ndipo chipinda cha Mwayi achikonze, teremu ikangotha kuno.

"Mwana wako akubwera," anatero.



"Mwana wathu, achemwali," anatero Callista motsitsa mawu.

"Ndati wako. Ukamulandire ku Chileka."