Firiji Yakumapeto

Pafakitale ina yolongedza zitheba, mlendo ankadziwika asanafike. Ukaona a Kapitawo akugawa magolovesi atsopano, sopo waoneka kuchimbudzi, ndipo m'bokosi la mankhwala momwe chaka chonse munkagona mphemvu mwalowa bandeji, udziwe kuti oyendera ali m'njira. Anthu amenewa ankatumidwa ndi eni sitolo zikuluzikulu za kumaiko akutali, omwe ankagula zithebazo. Eni sitolowo ankafuna kutsimikizira makasitomala awo kuti chakudya chomwe akugula sichidutsa m'manja mwa ana kapena mwa anthu ozunzidwa. Maganizo abwino ndithu, palibe angatsutse. Koma nkhanga zinapangana kusanache, fakitale nayo inali ndi njira yake.

Njirayo inali firiji yakumapeto kwa khonde. Musaganize za firiji ya m'nyumba. Ichi chinali chipinda chathunthu, chitseko chake chachitsulo, chochindikala ngati matiresi. Tsiku la alendo a Kapitawo ankaizimitsa m'mamawa n'kulowetsamo ana onse osakwana msinkhu wogwira ntchito. Anawo ankakhala pa makireti mumdima, alendo n'kuzungulira, kumwa tiyi ndi abwana, n'kumapita. Paja mlendo ndi mame. Chogwirira cha mkati mwa chitsekocho chinathyoka kalekale, moti wotsegula ankakhala wakunja yekha. Munthu akawakumbutsa a Kapitawo za kukonza, ankangoti, "Mawa." Mapeto ake dzina lawo linasanduka lomwelo, a Mawa.

Pa lamba woyendetsa zitheba panali mayi wina yemwe anzake ankamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipankathima. Ankatha kudula nsonga za zitheba, kunena miseche ndi kuimba nyimbo nthawi imodzi. Abwana anaona kuti pakamwa potere ndi chuma, ndiye tsiku la alendo ankamuimika poonekera, kuti wofuna kufunsa mafunso ayambe wagwera iye. Mayankho ankawadziwa ngati pemphero.

Tsiku limenelo Wailesi anaperekeza yekha mwana wake wachisamba kufiriji. Mtsikanayo, yemwe pafakitale ankamuti Kadona chifukwa cha kayendedwe kake, anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo anali ndi mphumu chibadwire. Anayamba ntchito patchuthi bambo ake atachoka pakhomo, ndipo tchuthicho chinangopitirira mpaka lero.

"Mankhwala ako opopera aja watenga?" anafunsa Wailesi.

"Anathatu, amayi. Ndinakuuzani dzana."

"Vala juzi yangayi."

"Aa, amayi, m'firijimo akazimitsa mumatentha ngati m'basi. Mukufuna ndikapsere?"

Wailesi anamuveka mokakamiza. A Mawa anaima pakhomo la firijiyo n'kuwerenga mitu ndi maso. "Tamverani, ana inu. Wofuna kutsokomola atsokomolere m'malaya. Wogogoda chitseko ichi, iyeyo, mayi ake, azakhali ake, onse geti ndi ilo. Mwamva?"

"Tamva," anayankha anawo, chitseko n'kutsekeka.

Alendo anafika awiri. Wina anali bambo wamtali wolankhula chilankhulo chakwawo, woyang'ana katundu. Mnzake anali mayi wamagalasi wolankhula chilankhulo cha konkuno, ndipo ntchito yake inali kucheza ndi antchito. Kuchokera pomwe anaima, Wailesi ankaona khonde lonse kudzera pa katani yapulasitiki. Anawaona akudutsa mafiriji enawo, abwana ali patsogolo, akuseka zosaseketsa. Kenako bambo wamtali uja anaima pa firiji yakumapeto. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Anagogoda ndi chala kawotchi kosonyeza kuzizira, n'kufunsa funso.

Abwana anayankha m'chilankhulo cha mlendoyo, akuloza chitseko, akuloza kunja koima magalimoto. Wailesi sanamve mawuwo, koma anamva otsatira, chifukwa abwana anatembenukira kwa a Mawa n'kukuwa kuti aliyense aone ukali wawo: "Iwe! Firiji yodzaza katundu wa alendo ungaizimitse bwanji? Yatsa msanga!"

Abwanawo ankadziwa bwino lomwe katundu amene anali m'menemo. A Mawa anawayang'ana, anayang'ana mlendo, dzanja lawo linakwera pang'onopang'ono mpaka pa switchi. Makina anadzuka n'kuyamba kulira, huuu.

Mtima wa Wailesi unagwa. Koma manja, poti anazolowera, anapitiriza kudula zitheba.

Mlendoyo sanatsegule chitseko. Abwana anamuuza kuti kutsegula kulowetsa mpweya wotentha, iye n'kuvomera. M'malo mwake anapempha tebulo, anakhala pakhonde pomwepo ndi kompyuta yake, akuyeza makatoni, ndipo pakapita kanthawi ankadzutsa mutu kuona ngati kamuvi ka wotchi ija kakutsika. Kankatsika.

"Mlamu," ananong'ona Wailesi kwa mkazi wa mchimwene wake, yemwe anaima pambali pake. "Mlamu, ayatsa."

"Ndaona. Yang'ana zitheba."

"Kadona alibe mankhwala."

"Wanga alinso momwemo. Ukuyesa ine ndilibe m'mimba? Khala chete. Akangopita kukadya, azimitsa." Mlamuyo ankalankhula milomo isakusuntha, koma mpeni wake unali kudula zitheba pakati, kuwononga katundu.

A Mawa akudutsa, Wailesi anawagwira malaya. "A Kapitawo, mwana wanga ali ndi mphumu. Mpweya wozizira umam'tseka pakhosi."

"Ndikudziwa, mayi, ndikudziwa. Munthu uja akangodzuka pampandopo." Thukuta linali kuyenderera m'khosi mwawo, ndipo kwa nthawi yoyamba sanatchule za mawa. Wailesi anachita mantha kwambiri ataona zimenezo, chifukwa zinasonyeza kuti nawonso alibe nzeru ina.

Nthawi ya chakudya inakwana, koma mlendoyo anali munthu wakhama loipa. Anatulutsa buledi m'chikwama n'kumadyera pomwepo.

Wailesi anatchera khutu kukhonde. Chaka chonse ankaphunzitsa mwana wake kumvera akuluakulu, ndipo tsopano ankapemphera kuti mwanayo achite mwano. Gogoda, mwanawe. Menya chitseko ndi kireti, lira, tukwana. Wina aliyense mwa ana amenewo akanangogogoda, mlandu ukanakhala wa mwana, ndipo mwana amakhululukidwa. Koma kuchitseko kunali zii. Anali ana oleredwa bwino.

"Mayi Wailesi, akukufunani," anatero abwana, akumwetulira ndi mano okhaokha. "Mukawauze alendo mmene timakhalira pano ngati banja limodzi."

Mayi wamagalasi anakhala m'kachipinda kosinthira zovala, momwe anaikamo mipando iwiri. Anatseka chitseko. Wailesi atakhala pansi n'kutsamira khoma, anadzidzimuka. Khomalo linali lozizira, lonyowa, ndipo linkanjenjemera pang'ono ndi kulira kwa makina. Kuseri kwake kunali firiji ija.

"Khalani omasuka, mayi. Zomwe mundiuze pano sizituluka ndi dzina lanu. Mumayamba ntchito nthawi yanji?"

Wailesi anayankha. Amapuma? Amapuma. Magolovesi? Amapatsidwa mwezi uliwonse. Alipo amene amakakamizidwa kugwira ntchito mpaka mdima? Palibe. Mawu ankatuluka okha, osalala, pomwe msana wake unkamva kuzizira kukulowa m'malaya. Ngati kunja kuno khoma likuluma chonchi, nanga mkatimo?

"Munaonapo ana akugwira ntchito pano?"

"Ana? Ayi. Pano ana saloledwa n'kufika pageti pomwe."

"Inuyo muli ndi ana?"

"Atatu."

"Wamkulu ali kuti pano?"

Apa wailesi inathima. Anatsegula pakamwa, koma mawu akuti "kusukulu" anakana kutuluka. Mayiyo anadikira.

"Kodi mukapeza cholakwika," anafunsa Wailesi, "mumatani?"

"Ndimakanena kwa ogula."

"Ndiye iwo amatani?"

"Nthawi zina amalamula kuti zikonzedwe, n'kuthandiza kukonzako. Nthawi zina amangosiya kugula. Sindingakunamizeni, mayi, ine si amene ndimasankha."

Wailesi anaganiza za azimayi onse a pa lamba, za mlamu wake, za mchimwene wake yemwe ankanyamula makatoni, za ana ake awiri aang'ono omwe ankadya kuchokera pa zitheba zomwezi. M'dera lonselo munalibe ntchito ina. Ogula akasiya, sipadzakhala wofunsa kuti anayatsa firiji ndani. Adzangoti Wailesi ndi pakamwa pake paja. Ankaopa anthu amenewo, ankaopa njala, ankaopa kuyenda mumsewu anthu akumuloza. Ndipo mwina mlamu ankanena zoona, mwina pofika pano mlendo wadzuka, a Mawa azimitsa. Anagunditsa chikhatho pakhoma. Linali likunjenjemerabe.

"Mukuzizidwa?" anafunsa mayiyo. "Mukunjenjemeratu."

"Inu munaphunzira," anatero Wailesi, mawu ali pansipansi. "Munthu angakhale nthawi yaitali bwanji m'firiji?"

Mayiyo anaika cholembera pansi. Anayang'ana Wailesi, anayang'ana khoma lomwe chikhatho chinagwira, nkhope yake n'kusintha.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wailesi sanadikire funso lina. Mpando unagwa kumbuyo kwake. Anathamanga m'khonde, nsapato zamphira zikuterereka pa simenti yonyowa, anagunda tebulo la mlendo wamtali, makatoni n'kumwazika. A Mawa anali ataima kutsogolo kwa firijiyo.

"Mayi Wailesi, ganizirani anthu onsewa," anatero. Koma akulankhula choncho anali akupatuka kale, ndipo chitseko chitakana, ndi iwo amene anathandiza kukoka.

Chifunga chozizira chinatuluka n'kuwamenya kumaso. Poyamba sanaone munthu. Kenako pakona, pansi pa makatoni ong'ambidwa omwe anafunda, china chake chinasuntha. Anawo anali ataunjikana mulu umodzi, atakumbatirana, tsitsi lawo litachita mbuu. Kuwala kutawagwera sanathamangire kunja. Anabisa nkhope.

"Kadona!"

Anali pakati pa muluwo, pomwe anzake anamuika kuti afundidwe. Msuweni wake, mwana wa mlamu uja, anali atam'tseka pakamwa ndi mkono wa juzi, ndipo anali asanachotsebe dzanja.

"Amapuma mokweza, azakhali," anatero mwanayo, mano akugundana. "Amalira ngati wenzulo. Timaopa kuti amveka."

Wailesi anachotsa dzanjalo. Milomo ya Kadona inali yotuwa ngati phulusa, maso atatseguka pang'ono, chifuwa chikukoka mpweya womwe sunkalowa. Anamunyamula, mwana wamkulu ndithu, miyendo ikukwekwereka pansi, kudutsa m'khonde, kudutsa pa lamba, mpaka panja padzuwa. Anakhala pa simenti yotentha n'kumutsamiritsa pachifuwa pake.

"Puma, mwanawe. Pang'onopang'ono. Puma ndi ine."

Kumbuyo kwake lamba anaima. Pafakitale pomwe munthu sankamva mawu a mnzake popanda kukuwa panagwa bata, moti ankamveka ndi mayi wamagalasi yekha, akukalipa pafoni kuti galimoto ibwere msanga. Mlendo wamtali anatuluka atanyamula kamtsikana kena, atakafunditsa jekete yake, nkhope yake ngati waona mzukwa. Anali atadziwa tsopano kuti kamuvi komwe ankakondwera nako kankayeza chiyani. Abwana ankamutsatira pambuyo akufotokoza, koma palibe ankawamva.

Azimayi anatuluka mmodzimmodzi. Omwe anali ndi ana anawathamangira. Mlamu anagwira wake, anamuwomba khofi, kenako anamukumbatira n'kuyamba kulira. Enawo anangoima chapatali atapinda manja, magolovesi atsopano ali m'manja, akuyang'ana Wailesi. Palibe anamutukwana. Palibenso anasendera pafupi.

Mpweya unayamba kumulowa Kadona, poyamba ndi kamluzu, kenako ndi chifuwa chomwe chinam'gwedeza thupi lonse. Wailesi anatenga dzanja la mwanayo. Linali louma gwa, zala zitapindika. Analitikita, analipumira, analiika m'khwapa mwake. Kadona anatsegula maso. Anaona ana anzake ali poyera, anaona alendo, anaona abwana, anaona azimayi ataima osagwira ntchito dzuwa lili pamutu. Anali mwana wanzeru, sanafune womufotokozera.

"Amayi," ananong'ona, misozi ikutsika, "mwatichotsetsa ntchito."

"Eya," anatero Wailesi. "Bweretsa dzanja linalo."