Tirigu wa Agogo ndi Mimba ya Mailesi

Mailesi, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri ka ku Dambe, kankangotha thupi. Kuchipatala chachikulu ku Blantyre anati matumbo ake ali ndi zilonda, ndipo mapiritsi amene anamupatsa analetsa kutsegula m'mimba kwa magazi. Koma mimba inali yotupabe, timiyendo ngati bango.

Agogo ake, aYunike, wolakwa anali atamudziwa kale: aStelia a nyumba ya kumtunda, amene anakangana nawo za malire a munda.

"Mwana wodyetsedwa uyu," ankatero chonong'ona. "Iwe Mailesi, aStelia akakuninkha ngakhale nthochi, uziti ndakhuta. Wokusekerera si mnansi, wamva?"

Kuyambira pamenepo ankamuphikira okha phala la tirigu wa m'munda mwawo, wopera okha pamphero. Anzawo tirigu ankagulitsa, iwo ankasungira mdzukulu. Koma mwana osasintha.

M'mawa wina, chaka cha 1986, kunatulukira bambo pa njinga, kabuku kali m'manja. Masiku amenewo mlendo wolembalemba sankasekeredwa. AYunike anathamangira m'nyumba kukasolola khadi la chipani kudenga.

"Khadi sungani, agogo," anaseka bamboyo. "Ndine Herbert, wa zaumoyo. Adokotala andituma ndione Mailesi. Kodi amadya chiyani?"

"Mukufunsiranji? Akutumani aStelia, eti?"

"AStelia sindikuwadziwa."

"Amadya phala la tirigu, m'mawa ndi masana. Cha pakhomo pa wina salawa."

AHerbert anatseka kabuku kaja. "Adokotala amakayikira zomwezo. Pali ana ena amene matumbo awo amadana ndi tirigu. Akadya, chakudya sichigwira thupi. Mailesi akhoza kukhala ndi matenda awiri: zilonda zija, ndi awa a tirigu."

"Awiri, mimba imodzi? Yasanduka basi yonyamula aliyense?"

"Zimachitika, agogo. Tiyese miyezi iwiri. Asadye phala la tirigu, buledi, sikono kapena mandasi. Chimanga, mawere, mbatatesi, nyemba, mazira, adye. Koma zake musapere pamphero ya tirigu, ufa wotsalira pamwala ndi wokwanira kumudwalitsa."

AYunike anayang'ana manja awo. Ndiye kuti wodyetsa mwana uja anali iwo omwe?

"Nanga mapiritsi titaye, poti mfiti yapezeka?"

"Ayi ndithu! Mapiritsi ndi a zilonda. Mukasiya, magazi abwerera. Ndipo tsiku lopita kuchipatala musaphonye."

Anavomera, koma mtima uli theka. Tsiku lililonse ankayeza dzanja la mwana ndi kaluzi. Mwezi utatha, kaluzi kanakana kukumana, dzanja litanenepa. Wachiwiri usanathe, mimba inaphwa, Mailesi n'kuyamba kulumpha chingwe ndi anzake. Adokotala atamuonanso anati tirigu asadzalawenso moyo wake wonse.

Tsiku lina aStelia anadutsa ndi nthochi. Mailesi anayang'ana agogo ake.

"Landira," anatero aYunike, maso ali pansi. "Nthochi ilibe mlandu. Mwini wakenso alibe. Koma inu aStelia, sikono ayi! Ndikuonani."

Makolo, chenjerani. Mwana akhoza kukhala ndi matenda awiri a m'mimba nthawi imodzi. Akamamwa mankhwala koma osanenepa, musathamangire kuloza chala mnansi. Bwererani kuchipatala, mukanene zonse zimene amadya, ndipo mankhwala musasiye adokotala asananene.