Séraphin Agwetsa Mama Philo Pampando

Séraphin Gnagne anakhala wachiwiri kwa wapampando zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ntchito yake yaikulu zaka zonsezo inali kuyala mipando ndi kuwomba m'manja. Bungwe lawo linali m'nyumba ya zipinda zitatu ku Marcory, kuseri kwa malo otsukira galimoto. Kumeneko amuna okonda amuna anzawo, akazi okonda akazi anzawo, ndi ena onse amene anthu a mu Abidjan amawayang'ana ndi diso la nkhwezule ankabwera kudzayezetsa magazi, kudzamwa tiyi, kudzalira ndi kudzadya miseche. Komiti inali ya anthu asanu, onse ongodzipereka, ndipo pamwamba pawo panali Mama Philo.

Mama Philo anabatizidwa dzina loti Philippe, koma amene ankakumbukira zimenezo anali wansembe yekha, nayenso anatsogola kalekale. Malamulo a bungwe ankati wapampando asapitirire zaka zinayi. Zinayizo zitakwana, Mama anapeza kuti malamulowo anali olembedwa molakwika, anawalemba mwatsopano, n'kuyambiranso kuwerenga zaka. Anachita zimenezi kawiri.

Chaka chachisanu ndi chinayi Séraphin zinamukwana. Anatenga mamembala awiri a komiti, Massandjé woyendetsa takisi ndi Zadi namwino, n'kukawagulira nsomba yowotcha ndi nthochi zokazinga.

"Achemwali anga," anatero Séraphin, "mayi aja adzafera pampando paja. Bokosi lawo tidzachita kukhomera ali chikhalire."

Massandjé analavula munga. "Ndiye ukhalepo iwe? Iwe amene ukaona mphemvu umakwera patebulo?"

"Mphemvu sizivota, mayi."

"Ine mtima wanga sunagamule," anatero Zadi, maso ali m'mbale yopanda kanthu. Nsomba yachiwiri itabwera, mtima wa Zadi unagamula.

Msonkhano unachitika Loweruka masana. Séraphin anavala malaya ake a maukwati, m'thumba ali ndi masamba atatu a mawu onena za ufulu wosankha atsogoleri. Anaimirira n'kutulutsa mapepalawo. Mama anali phee, akudzikupiza ndi kabuku ka malamulo. Séraphin anangowerenga mzere umodzi.

"Mwana wanga, mapepala onsewo?" anadula Mama. "Ndasiya nyemba pamoto. Ofuna Séraphin akweze mkono."

Massandjé anakweza. Zadi anakweza. Membala wachisanu, amene nthawi zonse ankangotsata kumene kwalowera mphepo, anakwezanso. Séraphin anakweza wake, ndipo atatembenuka anaona mkono wina wa zikhadabo zofiira uli m'mwamba kuposa yonse.

"Asanu!" anatero Mama. Anatsegula chikwama, n'kuika patebulo mpukutu wa makiyi ndi foni yakale ya bungwe yong'aluka galasi. "Zaka zitatu ndakhala ndikukuputa dala, iwe osapsa mtima. Ndikanati ndikupemphe bwinobwino ukanathawira kwa amako ku Dabou."

Massandjé anali atagwira nthiti. "Anatiuza kale mwezi watha kuti tikuvotere. Nsomba zija tinangodya, chemwali!"

M'mawa mwake Mama ananyamuka ndi mwamuna wawo, mkulu wina wopuma ntchito ya njanji, kupita kunyanja ku Grand-Bassam.

Foni ija inayamba kulira Lolemba. Chimbudzi cha kubungwe chinatsekeka, ndipo Séraphin anaphunzira kuti wochitsegula ndi wapampando. Lachiwiri atsikana awiri amene chibwenzi chawo chinatha anabwera ndi mphaka m'dengu kuti wapampando aweruze mwini wake. Lachitatu anathamanga kuchoka ku saluni yake, kusiya kasitomala mankhwala ali m'mutu, chifukwa mayi wina wa zaka makumi anayi anali atakhala pakhomo pa bungwe ndi chikwama chimodzi. Mchimwene wake anamupitikitsa atamupeza ndi makalata a mkazi mnzake. Mayiyo sanalire, ankangofunsa ngati pali poti n'kusambapo. Séraphin anamutengera kwake, n'kumupatsa bedi, iye n'kugona pamphasa. Kutacha anaimbira Mama.

"Mama, zinthuzi mumazitha bwanji?"

Kumbali inayo kunkamveka mafunde ndi kuseka kwa mwamuna. "Pepani a wapampando, ine ndine membala wamba. Lembani kalata ku komiti." Foni thi!

Lachisanu m'mawa Massandjé anaima ndi takisi yake pakhomo pa bungwe, n'kukuwa ali pawindo. "Waiwala? Lero akubwera a Haji Konaté, eni nyumba! Lachisanu loyamba la mwezi akachoka kumzikiti amadzamwa tiyi ndi wapampando. Iwo amadziwa kuti muno ndi bungwe la atelala."

Séraphin anadzambatuka. Anatsitsa mbendera ya utawaleza, anamatula zithunzi kukhoma, katoni ya makondomu anaikankhira pansi pa sofa. Anakabwereka makina osokera kwa mayi woyandikana nawo, n'kukhazikapo Zadi, amene chibadwire anali asanasokepo china kupatula mabala a anthu.

A Haji anafika ndi ndodo yawo, mkanjo woyera mbee. Anali nkhalamba yowonda, ya ndevu zoyera ngati thonje. Anakhala pasofa pomwe paja, analandira tiyi, n'kuyamba kuyang'ana Zadi akupalasa makina mwamphamvu.

"Mnzakoyu akusoka chiyani?"

"Diresi la mkwatibwi, bambo," anayankha Séraphin.

"Popanda ulusi?"

Zadi anayang'ana singano, n'kupitiriza kupalasa.

"Muchotseni asanadzisoke chala," anatero a Haji. "Mwana wanga, ine ndakalamba, koma sindine wakhungu. Zaka zonsezi sindinaonepo nsalu ikulowa muno ngakhale mita imodzi. Anzanga akumzikiti akandifunsa, ine ndimati muli atelala. Bodza limenelo ndi langa, musandilande."

Séraphin anafuna kuseka, anafunanso kulira, mapeto ake anangowonjezera shuga m'tiyi wa nkhalambayo.

"Mkazi wanga atamwalira," anapitiriza a Haji, "Philo anaphika pamaliro masiku atatu, ana anga obereka ndekha ali kalikiliki ndi mafoni. N'chifukwa chake nyumba ino sindiipereka kwa wina. Tsono ndamva kuti mwamuchotsa. Iwe umatha chiyani?"

"Ine... ndimakonza tsitsi, bambo."

A Haji anasisita ndevu. Kenako analoza Zadi ndi ndodo. "Iwe telala, tapita ukaone ngati kunja kukugwa mvula."

Zadi atatuluka, nkhalamba inasendera pafupi n'kutsitsa mawu. Ku Koumassi kunali mayi wina wamasiye wogulitsa nsomba zouma, amene a Haji ankafuna kumukwatira, ndipo Lamlungu anali kukaonekera kwa abale a mayiyo. "Ndevuzi zikundinenera zaka zambiri. Zingade, koma osadziwika kuti zadetsedwa?"

Séraphin anaimirira. Anagwira chibwano cha mwini nyumba, anachitembenuzira kowala, n'kuchiyang'ana mbali zonse.

"Zonse ayi, bambo. Mukadetsa zonse muoneka ngati mwagwera m'thumba la makala. Tisiya imvi pang'ono pakatipa, aziti ndinu munthu wanzeru koma mphamvu zilipo."

"Koma imvizo zikhale zochepa kwambiri," anatero a Haji.

"Zikhala mmene ndanenera ine. Pano wapampando ndine."

A Haji anang'ung'udza, koma anavomera kubwera ku saluni Loweruka m'mamawa, kudzera khomo lakuseri. Atafika pachitseko anatembenuka.

"Ndipo katoni ili pansi pa sofayo muichotse. Yandibaya chidendene nthawi yonseyi."