Maliro a Amake a Thumba

Ku Chawama kuno, munthu wandevu zake akavala masiki Lamlungu masana, anthu amangoganiza ziwiri: kaya akupita kokaba, kaya mutu sukuyenda bwino. Ife sitinali akuba. Za mutuzo sindingalumbire.

Masewerawa anabwera nawo Nigel kuchokera kukoleji kwake. Ine Tionge ndine woyendetsa nkhani, chifukwa pakamwa panga sipauma. Ndimapeka mbava ndi zigawenga, ndipo mnzanga aliyense ali ndi ngwazi yake yovala masiki yomwe imayendayenda m'komboni kulanga oipa. Ngwazi ikafuna kulumpha mpanda kapena kumenya munthu, mwini wake amaponya dayisi. Ikagwa nambala yaikulu ndiye kuti zatheka, ikagwa yaing'ono wagwa chagada. Timasewerera pansi pa mtengo wa mango pabwalo la ba Ketty, eni nyumba yomwe ndimachita lendi.

Lamulo lalikulu ndi lakuti ngwazi iliyonse ikhale ndi chiyambi chake. Munthu sangodzuka m'mawa n'kuvala kabudula pamwamba pa buluku, payenera kukhala chimene chinamuchitikira. Ngwazi ya Nigel ndi Malaiti. Ameneyu ankalumikiza waya wakuba padenga magetsi atazima, ndiye magetsiwo anabwera mwadzidzidzi iye ali chigwirire. Kuyambira pamenepo zala zake zimalavula moto, kungoti mphamvuzo zimapita magetsi akapita, moti mbava zanzeru zimayamba zaona kaye ngati mababu akuyaka. Ya Karen ndi Mai Jombo, amene anagwera m'madzi osefukira a ku Kanyama n'kutulukamo atameza zosaneneka. Tsopano amayenda pamwamba pa madzi ndipo kolera akamuona amakhota.

Wotsala anali Whyson, ndipo ameneyu ndiye ankandidetsa nkhawa. Tinakulira limodzi. Amatsitsa matumba ku Heavy Industrial ndipo amagona ku Misisi. M'dzinja lapitali amayi ake anamwalira kumudzi ku Petauke. Foni yake inali itazima chifukwa cha magetsi omwewa, uthenga unamupeza mochedwa, basi inafera panjira, ndipo pomwe ankafika anapeza mtumbira ndi anthu akutsuka miphika. Anauza ine ndekha, n'kundilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Sanalire. Kutchalitchi anasiya, kumpira anasiya, anangotsala ndi kuntchito ndi kuchipinda. Chimene chinkamutulutsa panja ndi masewera athuwa, ndiponso ndinkachita kukamukoka. Lamlungu lina anandiuza panjira kuti akubwera komaliza. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti akasiya izinso ndiye kuti tamutaya ali moyo.

Titakhala pansi, Whyson anatulutsa thumba la ufa loboola maso awiri, n'kulivala kumutu osalikutumula n'komwe.

"Zina ni Thumba," anatero.

"Chiyambi chake?" anafunsa Nigel, masiki ake a waya akunyezimira.

"Bamai bake banafa. Eve sanalipo. Kwasila."

Ine ndinadziwa kuti imeneyi si nkhani yopeka. Koma Nigel, posadziwa kanthu, anakwinya nkhope ngati wagulitsidwa chitumbuwa chosapsa.

"Chabe? Kulibe bomba? Kulibe njoka ya poizoni? Boyi, iyi ni story ya ulesi."

Ndinamuponda phazi, ndipo ndinafulumira kuyamba nkhani kuti tichoke pamenepo. Ndinali nditangonena kuti Thumba waima padenga la msika akuyang'ana akuba, pomwe mawu anamveka kumbuyo kwathu.

"Maliro yenze kuti?"

Anali ba Ketty, lichero la nyemba lili pamiyendo. Mayi amenewa ndi wapampando wa azimayi oyendetsa maliro kutchalitchi kwawo, ndipo ntchitoyo amaikonda mopitirira. Chitenje cha pamaliro sichichoka m'chikwama mwawo. Anthu amanena kuti wodwala wa ku Chawama amayamba wafunsa ngati ba Ketty ali ndi mpata asanatsirizike. Masewera athuwa ankawatcha zaupuba, ndiye kuti zopusa, ndipo za Whyson sankadziwa kanthu kupatula kuti ndi mnyamata wosapereka moni mokweza.

"Amai, ni masewela chabe," ndinatero.

"Masewela olo si masewela, muntu samafa monga nkhuku. Mwapaya mai wa bene, manje mufuna mwana akwele pa mutenge kupisha bakawalala. Mutembo mwausiyila ndani?"

Tisanayankhe anali atakoka kale mpando wawo n'kudzipanikiza pakati pa Nigel ndi Karen.  Ndinayang'ana Whyson, koma nkhope ya thumba siwerengeka.

"Ngati ufuna tileke," ndinamunong'oneza.

"Balekeni," linayankha thumbalo.

Basi, akuba a kumsika anapuma tsiku limenelo. Nkhani yonse inasamukira ku Petauke, ndipo ine woyendetsa nkhani ndinasanduka kalaliki wa ba Ketty. Anayamba ndi kutulutsa mipando m'nyumba ya malemu kuti azimayi akhale pansi. Kenako anafunsa ngati abale a kuchimuna auzidwa, ngati kwaya yadziwitsidwa, ndiponso ngati pali wina wodalirika woyang'anira mchere, chifukwa pamaliro mchere umamera miyendo. Mai Jombo, amene mwezi wathawu anagonjetsa zigawenga za pasiteshoni ndi jombo imodzi, anatumidwa kukatunga madzi. Karen anaponya dayisi, inagwa pa wani, ndowa n'kutayika.

"Bakazi ba mu tauni," anatero ba Ketty akupukusa mutu. "Bwelela."

Malaiti anapatsidwa nkhwangwa kuti akawaze nkhuni. Nigel anaimirira ndi ukali.

"Amai, ine nili na moto mu vikumo! Ningashoke chigayo chonse na kumo imozi!"

"Ndiye bwino. Ukasiliza kuwaza, uyashe na moto. Machisa yadula."

Kuti ntchito yanga isandithere m'manja, ndinapeka mdani. Ndinati kwafika amalume ena a jekete lachikopa, amene akulira mokweza koma diso lili pa malata ndi pa makina osokera a malemu. Ndinkaganiza kuti ngwazi zimenyana nawo. Ba Ketty anangolanda dayisi, naiuzira mpweya ngati munthu amene wakhala akutchova njuga moyo wake wonse, n'kuponya sikisi.

"Bapaseni kambwili bakatandize kukumba manda. Misozi yabo izapeza nchito kuja."

Pamenepo Nigel anakumbukira kuti ndi Mbemba, ndipo pamaliro a anthu a kum'mawa Mbemba ndi msuweni wachipongwe amene saletsedwa kanthu. Anayamba kulengeza kuti Malaiti akupaka anamfedwa ufa kumaso, akunyoza ndiwo, akufunsa ngati mbewa zatha kuti tidye kabichi. Karen anaseka mpaka kugwetsa jombo patebulo. Ndipo ine ndinamva kanthu kamene ndinali ndisanakamve kwa miyezi: m'kati mwa thumba muja munatuluka kaphokoso kakang'ono ngati kuseka.

Koma maliro ali ndi mathero ake, ndipo tinafikapo. Ndinanena kuti kwacha, adzukulu atsiriza kukumba, abusa afika ndi njinga yawo.

"Mwana ali kuti?" anafunsa ba Ketty.

"Akali mu basi," anayankha Whyson. Mawu ake anali ouma. "Shikani chabe mu manda. Ndiye mwamene nkhani ilili. Amapeza bashika kudala."

"Anakamba ndani? Pa maliro yamene nilipo ine, sitishika mai mwana akalibe kufika. Uyo wamene agwila fosholo nizamutyola kwanja."

"Amai, chiyambi chake ndiye chamene icho," anatero Nigel. "Akafika pa nthawi, ninshi Thumba alibe chifukwa chovalila saka."

"Ninshi azavala chisote monga bantu. Ponya ka bokosi, mwana wanga, tione basi ili pati."

Whyson anatola dayisi. Inagwa pa wani. Lamulo ndi lamulo, ndipo woyendetsa nkhani akayamba kubera masewera amafa. Ndinanena kuti basi yafera pa mlatho wa Luangwa, kondakitala wagona pansi pake ndi sipanala. Ndinawonjezera kuti kumudzi dzuwa lakula, ndipo akuluakulu ayamba kung'ung'udza kuti thupi silidikira munthu.

"Pa kiliniki pali filiji?" anafunsa ba Ketty.

"Ilipo, koma malaiti kulibe."

Onse tinatembenukira kwa Nigel. Iye anakonza masiki ake, natambasula zala pang'onopang'ono, naponya faifi. Malaiti anaima kuseri kwa kiliniki atagwira waya wa filiji m'manja, udzudzu ukumudya, osasuntha. Nigel anayesa kukumbutsa kuti mphamvu zake zimatha magetsi akapita, koma ba Ketty anati zimenezo ndi za ku Lusaka, ku Petauke sizinalembedwe.

Whyson anaponyanso. Thuu. Tayala linaphulika ku Nyimba, apaulendo n'kutsika kukagula nthochi.  Ndinadana nayo dayisi imeneyo, ndinadana ndi Nigel amene anaibweretsa, ndinadzida ndi ine ndemwe.

"Mwaona," anatero Whyson chapansipansi. "Sinifika. Shikani."

Palibe wina anazindikira kuti wanena kuti sinifika, osati safika. Ba Ketty anali otanganidwa ndi kukangana ndi akuluakulu a kumudzi amene kunalibe.

"Tiyembekeza! Olo mpaka pa Chisanu. Nyemba zilipo, kwaya ikalibe kusiliza nyimbo. Bamene balema bayende, ise tili pano. Ponya futi."

Anaponya. Wani kachiwiri. Sindinaonepo dayisi yankhanza chotero. Ndinanena kuti basi yafika pa boma, koma mtsinje wa kufupi ndi mudzi wadzaza, ndipo palibe angawoloke.

"Madzi?" anatero Karen, akuvala jombo zake bwinobwino. "Madzi ni yanga. Nizamupapa."

Anaponya sikisi. Nigel anakuwa ngati timu yake yagoletsa. Mai Jombo anabereka Thumba kumsana ndi chitenje, chimwamuna chonsecho miyendo ili lendelende, nathamanga naye pamwamba pa mtsinje mpaka pabwalo la maliro.

Tsopano inali nthawi yanga yolankhula, ndipo kwa nthawi yoyamba pakamwa panga panauma.

"Thumba wafika," ndinatero. "Bokosi likali mu nyumba. Bakalibe kulitseka."

Ba Ketty anatsitsa mawu, monga amachitira pamaliro enieni. Anagwira Whyson paphewa.

"Ngena, mwana wanga. Bantu bakupasa njila. Gwada apa pa mutu. Bauze bamai bako kuti wafika."

 Wailesi ya kwa aneba inkamveka, ndi mwana wina akulirira fritasi kumsewu. Thumba lija linaweramira patebulo.

"Amama," anatero. "Nine Whyson. Foni inazima. Basi inafa, amama. Nenze kubwela."

Nigel anatsegula pakamwa kuti akonze dzinalo, koma Karen anamutseka ndi chikhatho. M'mabowo a thumba munayamba kunyowa, ufa wotsalira n'kusanduka phala lomwe linkayenderera mpaka pachibwano. Mapewa aja onyamula matumba a simenti ankagwedezeka ngati a mwana.

Ba Ketty anandiyang'ana. Lumbiro langa linali litatha ntchito, choncho ndinangogwedeza mutu. Mayi aja sanafunse funso ngakhale limodzi. Anaika lichero pambali, natulutsa chitenje chija m'chikwama, nachimanga m'chiuno. Kenako anatsika pampando n'kukhala padothi, natambalala, nakweza mfuu umene Chawama yense amaudziwa.

Pasanapite nthawi geti linayamba kulira. Analowa azimayi manja ali ndi thovu la sopo, ena ana ali kumsana. Analowa wometa wa pakona pamodzi ndi kasitomala wake, mutu utametedwa mbali imodzi. Onse anaima n'kumayang'ana: mayi wolira padothi, mnyamata wa mawaya kumaso, mtsikana wa jombo kunja kuli ng'amba, ndi munthu wovala thumba la ufa.

"Nindani wamwalila?" anafunsa mayi wina.

Ndinkafuna kuyankha kuti palibe, ndi masewera chabe. Koma Whyson anavula thumba lija. Nkhope yake inali mbuu ndi ufa, mizere iwiri ya misozi itadutsamo.

"Ni bamai banga," anatero. "Ku Petauke. Mu Febuluwale."

Palibe anafunsa kuti nanga bwanji tikulira lero, ndipo palibe anafunsa za masiki. Azimayi aja anapukuta manja m'zitenje n'kukhala pansi momuzungulira. Wometa ndi kasitomala wake analowa m'nyumba mwa ba Ketty kukatulutsa mipando. Wina anayambitsa nyimbo, ena n'kuilandira, ndipo Whyson anatsika pampando, nakhala padothi pakati pawo, n'kulira amayi ake mokweza.